Makireti Akusweka, Ine Sindisaina

Lolemba, 9 Juni

Makireti khumi ndi anayi asweka lero m'munda wa malalanje. Onse pa chogwirira. Lina lasweka lili paphewa pa Ricardina, malalanje mbwee mzere wonse, iye chala chang'ambika. Ndiye Nevermind, foromani wathu, wabwera ku shedi zidutswa zili m'chipewa, wazikhuthulira pa tebulo langa. Akuti m'chilankhulo chawo cha kuno, "Basa rako iri." Ntchito yanga eti.

Inde ndi ntchito yanga, ndakana liti? Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuyendetsa makina oumba makireti pa pulazi pano, kuyambira tsiku lomwe anawatsitsa pa lole. Pulasitiki ndimathira ndine, moto ndimaika ndine, chikombole ndimapukuta ndine. Makireti anga akale alipo mpaka lero, ena anthu amakhalira ku komboni, ena nkhuku zikuikiramo mazira. Nanga lero manja angawa aiwala chiyani?

Iye akuti ndimakweza moto dala kuti ndimalize msanga ndikaphike. Mxii. Munthu wosadziwa ngakhale pali batani lozimitsira.

Lachiwiri, 10 Juni

Andiitana ku ofesi. A Tinashe, manijala, akhala uko, Nevermind waima pakhomo ngati mlonda. Pa tebulo pepala. Akuti ndivomere kuti ndinaononga katundu chifukwa chosasamala, chenjezo lomaliza. Lole ya ogula malalanje ibwera Lachitatu la sabata ya mawa, pa 18. Makireti akakhala akuswekabe tsiku limenelo, ndiye kuti ine basi.

Ntchito ikatha nyumba yathanso, aliyense pano amadziwa. Yathu ndi nambala 14. Amayi ndi mwendo wawo wodwala uja ndikawaika kuti? Agogo anachoka ku Dedza wapansi kubwera dziko la eni lino amayi asanabadwe, amayi anabadwira m'komboni muno, ine chimodzimodzi. Manda a abambo ali kuseri kwa damu. Ku Dedzako ndani angatizindikire? Nevermind zonsezi amazidziwa bwino, ndi chifukwa chake anati chapansipansi, "Muchaenda kupi, imi musina kumusha?" Mupita kuti, mulibe kwanu, saina.

Ndatenga cholembera, ndachiyang'ana, ndachiika pansi bwinobwino. Ndati, "Bwana, ndipatseni masiku amene mwanenawo. Koma chinthu chimene sindinachite sindisaina." A Tinashe angokanda m'mutu. Si munthu woipa, koma amaopa mwini pulazi kuposa njoka.

Ndatuluka, ndabwerera ku makina anga. 

Lachitatu, 11 Juni

Ndayamba ndi moto, poti ndi umene akundinamizira. Masiku onse ndimaika 230. Ndaumba asanu pa 215, asanu pa 230, asanu pa 245, lililonse ndalemba ndi choko pansi pake. Atazizira ndadzazamo malalanje otaya, ndawagwetsa kuchokera pa ngolo ya thirakitala.

215, phwa. 230, phwa. 245, phwaa, kuposanso.

Ndiye si moto. Ndalemba pa khoma ndi choko chomwecho, zilembo zazikulu, kuti wodutsa aziwerenga.

Ricardina akuti mwina ndi chisanu, paja m'mawa uno udzu unali mbuu. Zoona, pulasitiki ikazizidwa imauma mtima. Ndiye ndakabwereka kireti la chaka chatha kwa iye, ndachotsa nkhuku yake ikulalata, ndaligwetsa katatu m'chisanu chomwecho. Langodumpha ngati mpira. Chisanu chilibe mlandu.

Lachinayi, 12 Juni

Madzi ayi. Pulasitiki ikanyowa kireti limatuluka ndi mizere yotuwa, awa alibe. Chikombole ndachiyang'ana ndi tochi kona iliyonse, palibe chang'aluka. Koma pali dzimbiri pang'ono m'timipata totulukira mpweya. Dzimbiri pa chikombole changa? Chichitikireni sindinaonepo.

Chinanso. Maso akhala akundiwawa kuyambira mwezi watha, pakhosi kukanda. Ndimati ndi chimfine cha Juni. Lero ndaweramira pamene pulasitiki yosungunuka imatulukira, fungo lake landibaya m'mphuno mpaka misozi. Yathu sinunkha choncho, yathu imanunkha ngati kandulo.

Ndatenga chidutswa chosweka ndachisenda ndi mpeni. Chikusendeka magawo magawo ngati anyezi, m'kati timadontho takuda. Pulasitiki yabwino imakhala thupi limodzi. Apa zikuoneka kuti pali zinthu ziwiri zimene zakana kugwirizana.

M'makina timathira ziwiri: mpunga ndi mphale. Ndi mmene timazitchulira pa shedi. Mpunga ndi timibulu tatsopano ta m'matumba ochokera ku Harare, mphale ndi makireti akale ogaya pa chigayo chathu. Ndowa zitatu za mpunga, imodzi ya mphale, chiyambire. Ndapempha Nevermind kiyi wa sitolo kuti ndiyese mpunga wokhawokha. Wakana. Akuti ndaononga wokwanira. Kiyi wamuika m'thumba la kumbuyo, nkumasisita.

Sisita bwino, mwana wa amayi.

Lachisanu, 13 Juni

Ndapeza amayi akukulunga mbale m'chitenje. Ndamasula zonse ndabwezera pa shelefu. Sitikupita kulikonse.

Loweruka, 14 Juni

Abale inu! Ndachipeza, ndipo ndikanakonda ndikanapanda kuchipeza.

Ndimachapa ovolosi ku mpopi. M'thumba munali mphale yodzaza dzanja imene ndinatapa Lachinayi nkuiwala. Nditaviika, yonse yatulukira m'beseni. Ina yayandama, ina yamira pansi ngati timiyala. Ndinangoti kakasi, sopo m'manja. Mkulu amene anadzamanga makinawa anandiuza tsiku loyamba kuti pulasitiki ya makireti imayandama pamadzi, yomira si yathu. Zaka zonsezi mawuwo anali gone m'mutu.

Ndasiya zochapa ndathamangira ku chigayo. Amagaya ndi a Sixpence. Anawaika kumeneko mu Epulo pulazi itasiya kulima fodya. Zaka makumi atatu ndi zisanu anali wosankha fodya, pa tebulo lalitali lija pansi pa mawindo, ndipo pa Glendale ponse panalibe wowaposa. Tsamba ankangoliyang'ana kamodzi, wachikasu uku, wofiirira uku, woderako uku.

Atandiona anasangalala. "Naphiri! Wabwera kudzaona ntchito ya madala? Bwera uone."

Kuseri kwa chigayo milu itatu, yosesedwa bwino m'mbali, pa mulu uliwonse kathabwa. Buluu wakuda, buluu wapakati, buluu wosuluka. Akuti, "Anyamata aja ankangoponya zonse pamodzi ngati zinyalala. Ine ndasankha giredi ndi giredi. Taona, mtundu umodzi ndendende." Ndipo zoona, mtundu unali umodzi ndendende. Makireti akale a buluu, pamodzi ndi mapaipi a buluu othirira aja anafukula m'munda mu Meyi. Anawatola okha ndi wilibala, anawadula ndi sowo, anawatsuka matope. Palibe anawatuma. Akuti zinawapweteka mtima kuona katundu wabwino akungopsa ndi dzuwa.

Mapaipi amenewo ndi pulasitiki ina. Pa moto wa makina anga imapsa, imatulutsa utsi uja wondiwawa m'maso, imadya chikombole, ndipo ndi yathu sigwirana. Ndi anyezi uja.

Ndangoti, "Mwagwira ntchito, a Sixpence." Iwo kuseka, mano awiri aja poyera. Ndabwerera ku mpopi, wina anali atandibera sopo.

Lamulungu, 15 Juni

Ku tchalitchi sindinamve kanthu. Pakamwa pamayimba, mutu uli ku chigayo.

Nkhani yake ndi yapafupi. Mawa ndinyamule beseni, ndikaike pa tebulo la a Tinashe, nditchule dzina, nyumba yanga yapulumuka. A Sixpence ndiye achotsedwa tsiku lomwelo. Zaka 68, mayi a kunyumba anamwalira, mwana mmodzi ali ku Joni sayimba foni chaka chachitatu. Nevermind wakhala akuifuna nyumba yawo, nambala 31, kuti aikemo othyola malalanje.

Ndawauza amayi tikusenda nandolo. Anapitiriza kusenda. Kenako akuti, "Abambo ako atamwalira, a tchalitchi anati sabwera chifukwa anali a kudambwe. Anakumba manda ndani? Anatulutsa gule ndani kuti mnzake apite ngati munthu?" Ndati ndikudziwa, amayi, ndi a Sixpence. Akuti, "Sindikukuuza chochita. Mwendo wangawu ukudziwanso." Ndi mmene amachitira, amakuponyera miyala iwiri nkumati sankha wofewa.

Ndakwiya. Ndakwiyira Nevermind, ndakwiyira madala ndi milu yawo yokongola, ndadzikwiyiranso ndekha. Miyezi iwiri mphale ikubwera pa shedi yanga, ine osapita ngakhale kamodzi kukaona chimene akugaya. Ndinkangoti yayera bwino masiku ano.

Ndaganiza. Kusaina ayi. Kutchula munthu ayi. Ndikonza makireti, akafuna dzina akafunse makinawo.

Lolemba, 16 Juni

M'mawa ndamudutsa Nevermind ngati chitsa, ndalunjika ku ofesi. Ndati, "Bwana, matumba awiri a mpunga ndi theka la tsiku. Zikakanika musadikire Lachitatu, ndichoka ndekha." A Tinashe anandiyang'ana, anatumiza uthenga kuti kiyi abwere. Nkhope ya Nevermind potulutsa kiyi m'thumba lija, ndikanakhala ndi foni ya kamera yabwino!

Ndatsuka m'mimba mwa makina. Ndathira mpunga wokhawokha nkumautulutsa pansi mpaka zakuda zonse zatha, fungo la kandulo labwerera. Zanditengera maola awiri. Dzimbiri ndalichotsa ndi kansalu ndi mafuta. Makireti asanu oyamba ndawagwetsa masana. Onse adumpha. Ndinakhala pansi pa simenti kaye.

Chovuta chinali cha madzulo. Mapaipi sangapitirire kulowa m'chigayo, ndiye madala amayenera kudziwa. Ndapita ndi beseni ndi madzi. Sindinalankhule zambiri, ndatapa mphale pa mulu wawo wa buluu wapakati ndathira. Anaona okha.

"Koma mtundu ndi umodzi," anatero.

"Mtundu ndi umodzi, a Sixpence, koma thupi ndi lina. Zomirazo ndi mapaipi."

Anapisa dzanja m'madzi, anatola kamodzi komira ndi kamodzi koyandama. Anatifinya pakati pa zala ngati mmene ankachitira ndi tsamba, anatinunkhiza, kenaka anatiluma. Akuti, "Fodya ndikanamumva m'manja. Izi manja anga sazidziwa." Anakhala pa chitini. "Ndiye chala cha Ricardina, mwana wa ku Tete uja, ndine? Pepala akukusainitsa lija ndine?"

Ndati palibe anakuuzani, ngakhale ine. Ndati mukhale chete, mapaipi tiwabweza kumene munawatola, nkhani yatha.  Anadzuka, tinagubuduza migolo iwiri yodula pakati, tinadzaza madzi. Mphale yonse tayiviika, yoyandama tikuwengula ndi sefa, yomira tikutaya m'dzenje. Tayanika pa ziguduli zakale za fodya. Dzuwa lisanalowe anali akundiposa liwiro.

Lachiwiri, 17 Juni

Mphale yauma, ndaipisa dzanja mpaka pansi, gwaa. Zitatu kwa imodzi monga kale, 230 monga kale. Makireti 180. Ndagwetsa khumi, amoyo khumi.

Ricardina wadutsa ndi chala chake chomanga, wakwera pa limodzi nkumadumpha. Akuti likasweka ndimulipira mwendo. Silinasweke, ndipo Ricardina si munthu wochepa.

Madala sanabwere kudzamwa tiyi. Ndawatumizira mbatata, akuti yabwerera.

Lachitatu, 18 Juni

Ndilembe mwadongosolo, mutu ukuzungulira.

Lole inafika cha m'ma 9. A Tinashe anasankha okha makireti asanu ndi limodzi pa mulu, anadzazitsa, anauza Nevermind kuti agwetse iyeyo. Anagwetsa ndi mtima wonse, lomaliza anachita kuliponya. Palibe lasweka. Othyola malalanje anaimba m'manja, wina nthungululu.

Ndimati zatha. Koma a Tinashe anati tipite ku ofesi. Akuti, "Wagona, Anesi, wachita bwino. Tsopano chinali chiyani?" Ndati munalowa pulasitiki ya mtundu wina mu mphale, ndaichotsa, sidzalowanso. Akuti inalowa bwanji? Ndati inalowa. Akuti analowetsa ndani? Ndati, "Bwana, ine ndine woumba makireti, si wapolisi."

Nevermind pompo, akuti mwaona, akubisa chifukwa ndi iye yemwe. A Tinashe akuti mwini pulazi wataya makireti mazana asanu ndi limodzi pakati pa nyengo yokolola, akufuna dzina lero, ndipo ngati palibe dzina lina, pa pepala pali langa kale. Anandikankhira pepala lija. Ndinapinda manja. Ndati mundichotse osasaina, mudzanditulutse m'nyumbamo ndi thirakitala, amayi ali pa mpando.

Ndiye kunamveka kugogoda. A Sixpence. Avala jasi lawo loyera la ku tebulo la fodya, losita, mabatani onse. M'manja chidutswa cha paipi. Anavula chipewa, anaika paipi pa pepala langa lija.

"Bwana, mwanayu musiyeni. Izi ndinagaya ndine. Ndinasankha ndi maso ngati fodya."

Ndinati a Sixpence tulukani, simukudziwa chimene mukunena. Anandiyang'ana ngati ndine kamwana. "Naphiri, ine ndinasainitsapo munthu giredi yanga?"

Ndalankhula, Mulungu ndi mboni. Ndati munthuyu munamuchotsa pa fodya nkumuponya pa chigayo opanda ndi liwu limodzi lomuphunzitsa. Ndati foromani amadutsa pa milu ija tsiku lililonse, anaona mapaipi, bwanji sananene? Ndati inenso sindinapiteko, tilembeni tonse atatu. Nevermind anangoti iye sayang'ana zinyalala. A Tinashe anatuluka kukaimba foni, anabwera osatiyang'ana kumaso. Akuti palibe chenjezo kwa wina aliyense, koma madala akula, akapume. Mwezi ukatha. Nyumba ikufunika.

Pepala langa analing'amba pamaso panga. Ndimaganiza kuti tsiku limeneli ndidzavina.

Lachinayi, 19 Juni

Makireti 240, onse abwino. Sindinalankhule ndi munthu.

Loweruka, 21 Juni

Ndinapita ku 31. Ndawapeza akuchotsa misomali ku khoma, akuiwongola ndi mwala, akuika m'chitini. Ndafunsa mupita kuti. Akuti pali mnzawo ku Mutorashanga, kaya ali moyo. Kaya! Munthu wa zaka 68 akukwera kombi kupita kwa kaya.

Ndati mubwera kwathu. Akana, akuti anthu adzanena chiyani, nyumba ya akazi awiri. Ndati anthu akhala akunena kuyambira ndili m'mimba. Akuti lamulo la komboni silola, m'nyumba mumakhala a banja okha olembedwa pa khadi. Ndati lamulolo ndikalankhula nalo ndine.

Amayi nditawauza anangoti, "Kachipinda kosungira chimanga kaja kakudontha pa kona, uitane wina akonze." Kenako anayamba kudandaula kuti madala amasuta chingambwe, adzatinunkhitsa makatani. Ndiye kuti avomera.

Lolemba, 30 Juni

Tasamutsa masana, nthawi ya chakudya, dala, kuti komboni yonse ione. Katundu yense wakwana m'makireti anayi ndi wilibala imodzi. Bedi tanyamula ine ndi Ricardina. Madala kumbuyo ndi ng'oma yawo yokulunga m'chiguduli, imeneyo sanalole munthu kuigwira.

Tisanatsitse bedi, Nevermind uyo ndi buku la makhadi. Anaima pa khomo langa. Akuti, "Mhuri chete." A banja okha. Ndati ndikudziwa, bweretsa khadi la 14 ndiwonjezere munthu. Anandipatsa akuseka, akuganiza kuti ndisowa cholemba.

Pa mzere wachitatu, pansi pa dzina la amayi, ndalemba Sixpence Mbewe. Pamene pafunsa ubale ndalemba kuti bambo.

Anawerenga kawiri. Akuti, "Baba vako vakafa." Akuti aliyense akudziwa kuti abambo ako ndi Simeon ndipo ali kuseri kwa damu.

Ndati, "Pita ukawadzutse adzatsutse okha."

Anayang'ana amayi. Amayi ali pa mpando wawo pakhonde, akuti, "Ukundiyang'ana chiyani? Mwanayu ndinabala ndine, abambo ake ndingawaiwale?" Ricardina anachita kukhala pansi ndi kuseka. Madala anali atatembenukira ku khoma, akupukuta kumaso ndi chipewa.

Nevermind anandilozera pansi pa khadi, akuti ngati ndi zoona saina, ukudziwa kuti ukanama ndi mlandu. Anandipatsa cholembera chake chomwe chija cha ku ofesi.

Ndasaina. Anesi Phiri, dzina lonse, mpaka cholembera chaboola khadi. Kenako ndamuuza kuti asunthe pakhomo, bedi likulemera.